Ndakatulo Ndi Ntchito ya Pakamwa

Aphunzitsi, makolo ndi ophunzira, masana ano tikamba za kusanthula ndakatulo, ntchito imene ambiri amaiyesa yopepuka kufikira tsiku limene yawapeza pa pepala la mayeso.

Aphunzitsi ali muno akumudziwa wophunzira uyu. Wakhala pa desiki, pepala la Chichewa la MSCE lili patsogolo pake, ndipo pa pepalapo pali ndakatulo. Saiwerenga n'komwe mpaka kumapeto. Cholembera chili kale m'manja, akusaka ngati mnyamata wokumba mbewa. Apa wapeza chifanifani, wadula mzere kunsi. Apa umunthu, wadula. Apa mvekero, wadulanso. Mukamufunsa kuti mlakatuli anaikiranji mvekero pamenepo osati pena, amangokuyang'anani. Ali ngati munthu amene wavundukula mphika n'kutchula kuti muli nkhwani, matimati, mchere ndi nsinjiro, koma osalawa.

Nkhani ya lero ili ndi mfundo zinayi. Yoyamba ndi ya khutu. Yachiwiri ndi ya kufanana kwa maliwu a kumapeto kwa mizere, chimene Angerezi amachitcha rhyme. Yachitatu ndi ya muyeso wa mzere, ndipo pamenepo tikhalitsapo. Yachinayi ndi ya nsinjiro za chiyankhulo ndi ntchito yake.

Mfundo yoyamba: ndakatulo ndi ntchito ya pakamwa.

Dzina lenilenilo likuchitira umboni. Ndakatulo imachokera ku kulakatula, ndipo munthu salakatula ndi cholembera. M'chaka cha 1963, E.J. Chadza atasindikiza buku lake la ndakatulo, analitcha Ntchito za Pakamwa. Linali buku, la mapepala ndi inki, koma mwini wake anakumbutsa owerenga pachikuto pomwe kuti zili m'katimo kwawo ndi pakamwa. Mabuku asanabwere, luso limeneli linali pamtondo, pamaliro, kuchinamwali ndi pabwalo la gule. Lero lino ndakatulo za Benedicto Wokomaatani Malunga anthu ambiri anayamba kuzimva pa wailesi asanagwire buku lake, ndipo za Robert Chiwamba zimayenda pa foni ndi m'maminibasi. Akuluakulu amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Wophunzira amene amatuma diso lokha kuti likamumverere ndakatulo, diso limabwera ndi uthenga wopereŵera.

Nayi ndime yaifupi imene yapekedwa chifukwa cha phunziro lino. Ilembedwe pa bolodi, ndipo nonse muitchule mokweza, mosathamanga:

Nkhokwe yanga yayasama,
Munsi wanga watsamira,
Ana anga angogona,
Mafuwa zii.

Bwerezaninso. Mwamva kuti mizere itatu yoyamba ikuyenda mofanana, ngati mapazi a munthu amene akudziwa njira, ndipo wachinayi waima mwadzidzidzi? Zimenezo khutu lazigwira musanaphunzitsidwe dzina la chipangizo chilichonse. M'chipinda cha mayeso simungakweze mawu, n'zoona, koma milomo palibe amailetsa kugwedezeka. Werengani kawiri chamumtima ngati mukulakatula pagulu, kenako gwirani cholembera. Ndakatulo ndi ntchito ya pakamwa.

Mfundo yachiwiri: kufanana kwa maliwu a kumapeto.

Amene mumaphunzira mabuku a Chingerezi mukudziwa kuti kumeneko chipangizo ichi n'chaulemu wake. William Shakespeare ali ndi ndakatulo 154 zimene zinasindikizidwa pamodzi mu 1609, pafupifupi zonse za mizere 14, ndipo mathero a mizereyo amalukana motsata dongosolo la ABAB CDCD EFEF GG. Luso lake limaoneka chifukwa m'Chingerezi kupeza mawu aŵiri othera mofanana n'kovuta. Malembo a liwu amalembedwa asanu, koma pakamwa amatuluka maliwu oposa khumi, ndipo mawu ambiri amatsekedwa ndi lembo lopanda liwu. Mlakatuli wa kumeneko akapeza mawu ogwirizana popanda kupotoza tanthauzo, wakhetsa thukuta.

Chichewa sichili choncho. Maliwu ndi asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo mawu athu amathera pa limodzi mwa asanuwo. Kuwonjezera apo, aneni pafupifupi onse amathera ndi a: kudya, kugona, kulira, kupita, kuyenda. Mwana wa Sitandade 4 akhoza kulemba mizere makumi aŵiri yothera ndi a osadziwa kuti wachita chilichonse. Taonani ndime yathu ija. Yayasama, watsamira, angogona. Yonse yathera ndi a. Wophunzira akalemba kuti mlakatuli wagwiritsa ntchito dongosolo la AAA, sananame, koma sananenenso kanthu. Galamala ndiye wapereka mphatsoyo kwaulere. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ndakatulo zambiri za achinyamata zimene zimaoneka zosalala kumapeto kwa mizere, mukazitsegula mumapeza kuti wolemba anakoka mawu osayenera kuti mzere uthere pa liwu limene amalifuna.

Kodi ndiye kuti kufanana kwa maliwu kulibe ntchito m'Chichewa? Kuli nayo, koma kumayambira patsogolo pang'ono. Khutu la Mchewa limamva kufanana kukayambira pa phatikizo lachiŵiri kuchokera kumapeto. Mtima, nsima, kulima. Mvula, kukula, kufula. Apo pokha ndiye wosanthula aime ndi kufunsa chifukwa chake mlakatuli wamangirira mtima ku nsima.

Chuma chathu chenicheni chili kumayambiriro kwa mawu. Dzina la Chichewa limalamulira mawu onse otsatira kudzera mwa agwirizanitsi: chitsime chathu chakale chija chauma. Mwamva ch akubwerera kasanu? Nachonso ndi mphatso ya galamala, choncho wosanthula wanzeru amasiyanitsa pamene chiyankhulo changochita mwambo wake ndi pamene mlakatuli wasankha dala. Bwererani ku mzere woyamba. Nkhokwe yanga yayasama. Ya woyamba ndi wachiŵiri ngokakamizidwa ndi dzina lakuti nkhokwe. Koma wachitatu wabwera chifukwa wolemba anasankha mneni wakuti yasama, pamene akanatha kunena kuti nkhokwe yatha kapena ilibe kanthu. Tsono ŵerengani maliwu otsatira dzinalo: ya, nga, ya, ya, sa, ma. Onse asanu ndi limodzi ndi a, liwu limene simungalitchule osatsegula kukamwa. Wolakatula mzerewu amayasama yekha pamodzi ndi nkhokweyo. Yesani muone. Kumeneko ndiye kusanthula maliwu, ndipo simungakupeze ndi diso.

Mfundo yachitatu: muyeso wa mzere.

Apa mpamene ophunzira ambiri amasochera, chifukwa amabwereka muyeso wa eni n'kumayezera nsalu yawo. Mzere wa Shakespeare kaŵirikaŵiri umakhala ndi maphatikizo khumi, oyenda aŵiriaŵiri, loyamba lopepuka, lachiŵiri lotsindika, kasanu pa mzere. Zimatheka chifukwa mawu a Chingerezi ali ndi phatikizo limene limamenyedwa mwamphamvu kuposa anzake. Chichewa chimayenda mwina. Chili ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene kumasintha tanthauzo lenileni. Tchulani mtengo wa m'nkhalango, kenako mtengo wa pamsika. Malembo ndi omwewo, koma pa mtengo wa m'nkhalango liwu limakwera pa te, pamene pa wa pamsika limangoyenda pansi. Chilinso ndi chizoloŵezi china chimene aliyense wa inu amachichita osadziwa. Pofika kumapeto kwa chiganizo, phatikizo lachiŵiri kuchokera kumapeto limatalika. Timalemba yayasama, koma pakamwa sa amakokeka. Timalemba angogona, koma go wachiŵiri amachedwa. Akatswiri a ziyankhulo anazifufuza zimenezi mozama, ndipo Pulofesa Al Mtenje pamodzi ndi Laura Downing anazilemba m'buku lawo la maliwu a Chichewa limene linatuluka mu 2017. Kwa mlakatuli, kutalika kumeneko ndiye mpumulo wa mzere, pamene mpweya umatsamira usanayambe mzere wina.

Zimene zimachitika muyeso wachilendo ukakakamizidwa pa Chichewa mumazimva Lamulungu lililonse. Nyimbo zambiri za m'tchalitchi zinamasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, ndipo maimbidwe ake anabwera kale ndi chiŵerengero chake cha maphatikizo. Omasulira anachita kudula mawu kuti akwane, n'chifukwa chake m'mabuku a nyimbo mumapeza Mbuye pamene poyankhula timati Ambuye, ndiponso tizizindikiro tambiri tosonyeza kuti lembo lachotsedwa. Anagwira ntchito yaikulu, ndipo nyimbozo timazikonda. Koma zikutiphunzitsa kuti chikombole cha njerwa za eni sichitulutsa njerwa ya msinkhu wa nyumba yathu.

Mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi, choncho tisuzumire kwa anansi athu a Chiswahili, chiyankhulo chimene ndi chibale ndi chathu. Iwo anasankha kuŵerenga maphatikizo, amene amawatcha mizani. Ndakatulo yawo yamwambo kaŵirikaŵiri imakhala ndi maphatikizo 16 pa mzere, ogawidwa pakati, 8 uku 8 uku, ndipo maliwu ofanana, amene amawatcha vina, amagwa pakati ndi kumapeto. Shaaban Robert wa ku Tanzania, amene anamwalira mu 1962, anali katswiri wa njira imeneyi. Kenako m'zaka za m'ma 1970 kunabuka mkangano woopsa pamene alakatuli achinyamata monga Euphrase Kezilahabi, amene buku lake Kichomi linatuluka mu 1974, anayamba kulemba osatsata mizani ndi vina. Akuluakulu anati zimenezo si ndakatulo. Achinyamata anati malamulowo akutsamwitsa uthenga. Chichewa sichinakhalepo ndi lamulo lolembedwa lotero, ndipo umenewo ndi ufulu. Koma ufulu sutanthauza kuti mzere ulibe muyeso. Ukutanthauza kuti wosanthula aupeze yekha mu ndakatulo iliyonse.

Aupeza bwanji? Poŵerenga maphatikizo ndi zala, pakamwa pakutchula. Chenjerani, musaŵerenge malembo. Nkhokwe ili ndi malembo asanu ndi aŵiri koma maphatikizo aŵiri okha, nkho ndi kwe. Chenjeraninso ndi m. Mbale yodyeramo ili ndi maphatikizo aŵiri, mba ndi le. M'bale wanu wobadwa naye ali ndi atatu, pakuti m akuima payekha. Chimodzimodzi mtondo, m, to, ndo.

Tiyeni tiŵerenge ndime yathu. Nkho, kwe, ya, nga, ya, ya, sa, ma: asanu ndi atatu. Mu, nsi, wa, nga, wa, tsa, mi, ra: asanu ndi atatu. A, na, a, nga, a, ngo, go, na: asanu ndi atatu. Ndipo mzere uliwonse wagaŵika mofanana, aŵiri, aŵiri, anayi. Amene munasinjapo aŵiri pamtondo umodzi mukudziwa kuti munsi wina ukamatsika wina umakwera, ndipo wina akaphonya kugunda kumodzi, mnzake amadziwa nthawi yomweyo osayang'ana. Mizere itatuyi yaphunzitsa khutu kugunda kwake. Likudikira asanu ndi atatu enanso. M'malo mwake lalandira ma, fu, wa, kenako zii, ndipo pamene panayenera kukhala mawu ena patsala chete.

Tsopano tichite chinthu chimene wosanthula aliyense ayenera kuzoloŵera, ndicho kusintha mzere kuti aone chimene chitayike. Fufutani mzere wachinayi, mulembe kuti: Poti tilibe chakudya. Ŵerengani. Po, ti, ti, li, be, cha, ku, dya. Asanu ndi atatu ndendende, ndipo wathera ndi a ngati anzake. Muyeso wakwana, mathero afanana, wokonda malamulo akhoza kuwomba m'manja. Koma tchulani ndime yonseyo ndi mzere watsopanowu. Yafa. Yasanduka chiganizo cha m'kalata yopempha thandizo. Mzere wosweka uja ndi umene unanyamula ndakatulo yonse, chifukwa kusoŵa kwa maphatikizo kunamveketsa kusoŵa kwa m'nyumbamo. Choncho poyeza mizere musamangofuna pamene muyeso wasungidwa. Funani kwambiri pamene waswedwa, chifukwa mlakatuli waluso amaswa muyeso pamalo pamene akufuna kuti mtima wanu upunthwe. Ndakatulo ndi ntchito ya pakamwa, ndipo ngakhale chete amamveka ndi khutu.

Mfundo yachinayi: nsinjiro za chiyankhulo.

Amene anatcha zining'a, zifanifani, miyambi ndi mvekero kuti nsinjiro anaganiza bwino. Mayi sathira nsinjiro mu ndiwo kuti alendo aziŵerenga, amathira kuti ndiwo zikome, ndipo zikachuluka ndiwo zimalemera mpaka kukola. Kutchula dzina la chipangizo ndi theka laling'ono la yankho. Mafunso ndi atatu, ndipo muwasunge: n'chipangizo chanji, chili pati, chikugwira ntchito yanji pamenepo.

Nkhokwe yayasama ndi umunthu, inde. Koma ntchito yake ndi yotani? Nkhokwe ndiyo imadyetsa banja. Pano yapatsidwa kamwa, ndipo kamwalo lili pululu ngati la mwana wa mbalame wodikira chakudya. Wodyetsa wasanduka wopempha. Munsi watsamira chifukwa palibe chosinja, ndipo aliyense wokulira kumudzi akuuona pamene waimikidwa, pakhoma kuseri kwa khitchini. Ana angogona, ndipo kachidutswa kakuti ngo kakunena zimene mayi sangathe kuzitchula, kuti agona osadya. Zindikiraninso kuti mizere itatu yamangidwa mofanana, dzina, kenako anga, kenako mneni, ndipo ikuyenda kuchokera panja kuloŵa m'nyumba, kuchokera ku chinthu kufika pa munthu. Kubwereza kamangidwe kotereku n'kwakale kwambiri. Masalimo a Chihebri anamangidwa pa mizere iŵiriiŵiri imene wachiŵiri umabwereza kapena kukuza ganizo la woyamba, ndipo n'chifukwa chake sanataye mphamvu yake pamene Buku Lopatulika linatuluka m'chiyankhulo chathu mu 1922. Kufanana kwa maliwu kumafera m'njira pomasulira, koma kufanana kwa maganizo kumawoloka.

Mzere wachinayi ulibe mneni, ndipo ulibenso anga. Woyankhula wasiya kunena kuti changa. Watsala ndi miyala itatu yozizira ndi mvekero umodzi. Zii amanena kuzizira, amanenanso chete, amanenanso kusakoma, ndipo matanthauzo atatu onsewo akugwira ntchito nthawi imodzi. Mvekero ndi chuma chimene Chingerezi chili nacho pang'ono chabe poyerekeza ndi ife, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona ophunzira akuupeputsa ngati mawu a ana. Mbee, bii, psuu, phwii, gwaa: lililonse mwa ameneŵa limachita m'kamphindi chimene chiganizo chathunthu chimalephera.

Kodi mwaona mawu amene sanatchulidwe m'ndime yonseyi? Njala. Mfundo yaikulu ndi imeneyo, koma palibe pamene yalembedwa. Woyankhula ndani? Munsi ndi mafuwa zikuloza kwa mayi. Nyengo yake? Nkhokwe imayasama mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga chakale chitatha, chatsopano chisanache. Yankho lililonse apa lili ndi umboni wake m'mawu a ndakatuloyo. Lamulo limenelo ndi lolimba: wosanthula ali ndi ufulu woona zobisika, koma aloze chala pa mawu amene amuonetsa. Wonena kuti ndimeyi ikukamba za nkhondo ayenera kutionetsa mfuti yake ili pa mzere uti.

Asapezeke wina muno woganiza kuti kuphiphiritsa ndi maseŵera a m'kalasi. Mu 1981 Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College ku Zomba, anatulutsa buku la ndakatulo za Chingerezi lotchedwa Of Chameleons and Gods. Dzinalo likutchula birimankhwe, kanyama kosintha maonekedwe kuti kapulumuke, ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi alakatuli ambiri anaphunzira kuyenda ngati iko, kunena zoona atazivundikira ndi nyama, mapiri ndi nthano. Mu 1987 Mapanje anamangidwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo anakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991. M'dziko muno munali nthawi imene chining'a chinali chishango cha wolemba, ndipo ngakhale chishangocho nthawi zina chinkabooka. Chaka chomwecho cha 1981 kunatulukanso Akoma Akagonera, buku la ndakatulo za Chichewa za alakatuli osiyanasiyana limene anasonkhanitsa Enoch Mvula. Dzinalo lachokera ku mwambi umene nonse mumaudziwa wa mawu a akuluakulu, ndipo likuyenera ndakatulo bwino lomwe. Yabwino siipereka zonse pa kuŵerenga koyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono yerekezani mayankho aŵiri. Wophunzira woyamba walemba kuti mu mzere wachinayi muli mvekero. Wachiŵiri walemba kuti mlakatuli wadula mzere wachinayi kuchoka pa maphatikizo asanu ndi atatu, wachotsa mneni, n'kutsiriza ndi mvekero wakuti zii, kuti woŵerenga amve kuzizira ndi chete wa pakhomo pamene sipanaphikidwe. Onse aŵiri aona chinthu chimodzi. Woyamba wavundukula mphika. Wachiŵiri walawa.

Aphunzitsi, pempho kwa inu ndi lakuti musayambe phunziro la ndakatulo ndi mndandanda wa zipangizo pa bolodi. Yambani ndi kulakatula, kaŵiri kapena katatu, ophunzira osiyanasiyana, ndipo muwafunse pamene mawu awo anakokeka ndi pamene anapunthwa. Mayina a zipangizo abwere pambuyo, ngati mayina a zinthu zimene ana azimva kale. Makolo, agogo amene ali kunyumba akudziwa nyimbo za pamtondo ndi zamaliro zimene sizili m'buku lililonse, ndipo ana anu akufunika kuzimva zisanapite nawo.

Ndipo inu ophunzira, ntchito yanu nayi. Sabata ino aliyense asankhe ndakatulo imodzi ya m'buku lanu la Chichewa. Muilakatule mokweza katatu, muŵerenge maphatikizo a mzere uliwonse ndi zala, mupeze mzere umodzi umene wasiyana ndi anzake, ndipo muusinthe ndi mawu anuanu kuti muone chimene chatayika. Lolemba mubwere nazo kwa aphunzitsi anu, ndipo mukaimirire kutsogolo kwa kalasi mukaitchule pakamwa, buku litatsekedwa.